Tikamuchotsa sukulu mwana wosuta chamba, apite kuti?

 Lero ndati tikambirane nkhani imene pafupifupi sekondale iliyonse imakumana nayo teremu ndi teremu, koma kawirikawiri imathera pa mawu amodzi okha: "Pita ukaitane makolo ako." Ndikunena za mowa, chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo.

Ndondomeko yake tonse timaidziwa. Mwana akapezeka ndi chamba ku hositelo, kapena akalowa m'kalasi akununkha kachasu, komiti yosungitsa mwambo imakhala pansi. Mwanayo amalemba lipoti, makolo amabwera, kenaka amapatsidwa kalata yomuimitsa sukulu kwa masabata angapo. Mlandu ukakula, ahedi amalembera akuluakulu a maphunziro kuti mwanayo achotsedweretu. Failo imatsekedwa, aliyense n'kupuma kuti sukulu yayera. Funso langa ndi ili: mwanayo akatuluka pageti ndi chikwama chake, akupita kuti? Kunjako akumudikira ndani amene amadziwa kuthandiza munthu wogwidwa ndi chibaba?

Maganizo anga ndi akuti chilango pachokha sichichiritsa uchidakwa. Munthu amene wakodwa mu mowa kapena chamba amafunika thandizo, ndipo thandizolo liyenera kukhala pafupi ndi kwawo, loti atha kulifikira wapansi kapena panjinga sabata iliyonse. Komanso ndikuona kuti sukulu, poti ndi kumene vutoli limayamba kuonekera, ndiyo iyenera kukhala khomo loyamba la thandizo limeneli.

Tiyambe ndi zimene zilipo kale, pakuti si zoona kuti dziko lino lilibiretu pothawira. Boma lili ndi chipatala chachikulu cha matenda a ubongo ku Zomba, chomwe chidatsegulidwa mu 1953, ndipo ambiri mwa anthu amene chamba kapena mowa wawasokoneza mutu amathandizidwa kumeneko. Ku Gulupu, ku Blantyre, kuli kiliniki ya matenda a ubongo. A St John of God, omwe adayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ali ndi pologalamu yapadera yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo adatsegulanso malo ena ku Lilongwe. M'zipatala zambiri za maboma muli anamwino kapena madokotala ophunzira za matenda a ubongo. Bungwe la YONECO ku Zomba limapereka uphungu kwa achinyamata, ndipo mwana atha kuimba ulere pa nambala ya 116. Bungwe la Drug Fight Malawi nalo lakhala likulankhula za vutoli kwa zaka zambiri. Anthu ogwira ntchito m'malo amenewa ndi ofunika kuwavulira chipewa.

Koma taonani mapu a dziko lathu. Malo amene ali ndi akatswiri ali m'mizinda inayi. Mwana wa ku Chitipa kuti akafike ku Mzuzu ayende mtunda wopitirira makilomita 300. Wa ku Nsanje kuti akafike ku Zomba adutse Chikwawa, akwere zitunda, adutsenso Blantyre. Wodwala sayenda yekha, pafunika womuperekeza, ndiye thiransipoti ndi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera. Kholo limene likuvutika kupeza fizi silingathe ulendo wotere kawiri kapena katatu. Pamwamba pa mtunda pali manyazi. M'midzi mwathu mawu akuti "adapita naye ku Zomba" amamatirira munthu moyo wake wonse. Zotsatira zake n'zakuti banja limadikira mpaka mwana atayamba kuvula zovala pamsika kapena kuthamangitsa amayi ake ndi chikwanje, pamenepo n'kumumanga ndi chingwe kupita naye ku chipatala. Zaka ziwiri kapena zitatu zimene vutoli linali laling'ono, loti likadatheka ndi uphungu, zimadutsa popanda womuyankhula.

Ndipo ngakhale amene wagonekedwa n'kutuluka ali bwino amabwerera kumudzi komwe kuja, kwa anzake omwe aja, pafupi ndi shabini yomwe ija. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kusiya mowa kapena chamba sikufanana ndi kuchira malungo, poti ukamaliza mankhwala a masiku atatu basi zatha. Kumafanana ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amene munthu amakhala akudzisamala zaka ndi zaka. Bungwe la NIDA la ku America, lomwe limafufuza za mankhwala ozunguza bongo, limati mwa anthu 100 alionse amene alandira thandizo, 40 mpaka 60 amadzayambiranso. Kuyambiranso sikutanthauza kuti thandizo lalephera kapena kuti munthuyo ndi wokanika. Kumatanthauza kuti pafunika wina pafupi woti amudzutse msanga akagwa. Chipatala cha kutali sichingachite zimenezi Lachiwiri madzulo pamene mnyamata walandira ndalama ya ganyu ndipo chibaba chamugwira.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2024, lidati mowa udapha anthu 2.6 miliyoni m'chaka cha 2019 chokha, ndipo anthu 209 miliyoni anali oti sangathe kukhala osamwa. Koma kwathu kuno likutikhudza mwapadera chifukwa ndife dziko la ana. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Aphunzitsi a Bayoloje atichitira umboni kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, makamaka mbali ya kutsogolo imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa. N'chifukwa chake woyamba kumwa kapena kusuta ali fomu 1 amakodwa msanga kuposa woyamba ali wamkulu, ndipo chamba chosuta pafupipafupi pa msinkhu umenewu chimawonjezera chiopsezo cha misala.

Monga dziko tayesetsa ndithu kumbali ya malamulo. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Mu 2015 boma lidaletsa mowa wa m'masacheti, uja ana ankabisa m'masokosi ndi m'mabokosi a masamu, ngakhale nkhaniyo idakhalitsa m'makhoti. Mu 2017 tidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Koma masacheti atachoka padabwera timabotolo tija timati midoli, ndipo kachasu sadapite kulikonse. Mu 2024 tidamva za anthu amene adafa ku Blantyre atamwa mowa umene anthu adaupatsa dzina loti Ambuye N'tengeni. Dzina lokhalo likusonyeza kuti omwa ankadziwa kuopsa kwake, koma ankamwabe. Munthu wofika pamenepo sungamusiyitse ndi chikwangwani cha lamulo. Nalo lamulo la chamba la 2020, lomwe lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, ana ambiri adalimva mokhota. M'kalasi amakuuza molimba mtima kuti "chamba adachiloleza". Sizoona: kusuta chamba ndi mlandu mpaka lero. Malamulo onsewa ndi ofunika, koma ntchito yawo ndi kuchepetsa mowa ndi chamba pamsika. Sanena kanthu za mwana amene wakodwa kale.

Ndiye thandizo la pafupi lingaoneke bwanji m'dziko losauka ngati lathu? Pali zitsanzo ziwiri zimene zimandipatsa chiyembekezo, ndipo zonse sizidayambe ndi nyumba zosanja.

Choyamba ndi gulu la Alcoholics Anonymous. Lidayamba mu 1935 mu mzinda wa Akron ku America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala wina dzina lake Bob Smith, zidazindikira kuti zikamakambirana za vuto lawo zimatha kukhala osamwa. Mpaka lero magulu amenewa salipiritsa munthu polowa, satulutsa kunja zokambidwa mkati, ndipo saumiriza munthu kulumbira za moyo wake wonse. Amangoti lero lokha usamwe, za mawa tidzaona mawa. Chimene amafuna ndi chipinda ndi mipando basi. Nanga makalasi athu Loweruka masana samakhala otseka?

Chachiwiri chili kwa anansi athu ku Zimbabwe. Mu 2006 dokotala wa matenda a ubongo, Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala ngati iye ndi ochepa kwambiri, adayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare mu Harare luso lomvetsera ndi kuthandiza munthu kupeza njira pa mavuto ake. Agogowo amakhala pa benchi panja pa kiliniki, munthu n'kubwera kudzacheza nawo maulendo asanu ndi limodzi. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2016 adapeza kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, amene adakhala pa benchi anali atapepukidwa kwambiri poyerekeza ndi anzawo. Zoona, benchiyi idapangidwira anthu ovutika maganizo ndi nkhawa, osati zidakwa. Koma ana athu ambiri amene amamwa, ukawafunsa modekha, pansi pake umapeza maliro a mayi, bambo wopeza wankhanza, fizi yosowa kapena mantha a mayeso. Phunziro lake ndi lakuti munthu wamba wophunzitsidwa bwino, amene akuyang'aniridwa ndi a chipatala, atha kuthandiza kwambiri.

Pali chinthu china chimene dziko lino lidachita kale chomwe chingatiunikire. Kale mtsikana akatenga mimba, sukulu yake inkathera pomwepo. Mu 1993 boma lidabweretsa ndondomeko yolola atsikana otere kubwerera kusukulu akabereka, ndipo idakonzedwanso mu 2006 ndi mu 2018. Nthawi imeneyo ambiri ankati izi zilimbikitsa chiwerewere. Lero tili ndi anamwino, aphunzitsi ndi apolisi amene adabwerera m'kalasi kudzera pa khomo limeneli, ndipo magulu a amayi m'midzi amayenda khomo ndi khomo kukatenga atsikana. Ngati tidatha kuona kuti kulakwitsa kwa mtsikana wa zaka 16 sikuyenera kutseka tsogolo lake lonse, chikutiletsa n'chiyani kuganiza chimodzimodzi za mnyamata wa zaka 16 wopezeka ndi ndudu ya chamba?

Ndikudziwa zimene anzanga ena anene m'sitafu. Ena ati, "Tikamusunga aononga anzake." Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo sindikunena kuti chilango chichoke. Wogulitsa chamba pasukulu, kapena womenya anzake ataledzera, nkhani yake ndi ina, ndipo ana ena ali ndi ufulu wophunzira mwamtendere. Koma wogulitsa ndi wosuta si munthu mmodzi nthawi zonse. Komanso tisadzinamize: pa sukulu yoyendera, mwana wochotsedwa sapita kutali. Amakhala pa sitolo ya pafupi ndi geti, tsiku lonse alibe chochita, ndipo anzake amamupeza pomwepo poweruka. Amene anali wosuta chabe, pakutha pa chaka ndiye amasanduka wogulitsa.

Ena ati, "Ife si madokotala." Zoonadi, ndipo tisayerekeze kukhala madokotala. Pali malire amene mphunzitsi aliyense ayenera kuwadziwa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, pakangopita maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusanza. M'masiku awiri oyamba atha kugwa ngati wakhunyu, ndipo tsiku lachitatu kapena lachinayi ena amabwebweta, kuona zinthu zoti palibe, mwinanso kufa kumene. Wotere sitimutsekera m'chipinda kuti mowa umuchoke. Timapita naye ku chipatala, kumene amamupatsa mankhwala oletsa kunjenjemera ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Chimodzimodzi mwana amene akumva mawu a anthu osaoneka, amene sakugona masiku angapo, kapena amene akukamba zodzipha: ameneyo ndi wa ku chipatala tsiku lomwelo. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuzindikira msanga, kulankhula ndi mwana mwaulemu, ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Enanso ati, "Angopemphereredwa." Mipingo ndi mizikiti ili ndi gawo lalikulu, pakuti ili m'mudzi uliwonse ndipo imapatsa munthu anzake atsopano amene sakumana ku bawa. Ambiri asiya mowa chifukwa cha chikhulupiriro. Koma pemphero ndi chipatala sizilimbana. Mbusa kapena shehe wanzeru amapemphera, kenaka n'kuperekeza munthuyo kwa namwino.

Ndisathawe mbali ina yowawa. Vutoli lili m'sitafu momwe. Tonse tikudziwa mnzathu amene malipiro akangolowa amasowa masiku atatu, amene khadi yake ya kubanki imakhala kwa wakatapila, amene manja ake amanjenjemera polemba pabolodi m'mawa. Kawirikawiri amakhala mphunzitsi waluso, uja ana amati akakhala bwinobwino Masamu amamveka ngati nthano. Anzake amamugwirira mapiriyodi, ahedi amamulembera makalata ochenjeza, ndipo mapeto ake amasamutsidwira ku sukulu ya kutali kumudzi, kumene kachasu ndi wotchipa ndipo womuyang'anira palibe. Kusamutsa mphunzitsi ndi kuchotsa mwana ndi mankhwala amodzi omwewo: vuto lachoka pamaso pathu, koma munthu sadathandizidwe. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Tsono ndikupempha zinthu zisanu zimene sukulu iliyonse ingayambe teremu ikubwerayi popanda kudikira ndalama zochokera ku Capital Hill.

Choyamba, ahedi ndi mphunzitsi wa uphungu apite ku chipatala cha boma lawo akadziwane ndi woona za matenda a ubongo. Adziwe dzina lake, tsiku la kiliniki yake, ndi masiku amene amayendera zipatala zazing'ono. Amuitane adzayankhule ndi aphunzitsi ndi makolo, osati ana okha.

Chachiwiri, kalata yoimitsa mwana sukulu chifukwa cha mowa kapena chamba izipita limodzi ndi kalata ina yomutumiza kwa namwino kapena mlangizi. Pobwerera abweretse umboni woti adakafika. Masabata a chilango asanduke masabata a thandizo.

Chachitatu, mwana akabwerera apatsidwe mphunzitsi mmodzi, wosankha yekha, woti azikumana naye mphindi 15 sabata iliyonse kwa materemu awiri. Zokambirana zawo zisamveke ku asembule kapena m'sitafu. Mwana amene waulula yekha kuti ali ndi vuto asalangidwe chifukwa choulula, apo ayi palibe adzaulule.

Chachinayi, komiti ya makolo ndi aphunzitsi ipereke kalasi imodzi Loweruka kwa anthu a m'deralo amene akufuna kusiya mowa kuti azikumana. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, mfumu ndi atsogoleri a zipembedzo adziwitsidwe. Gulu la akuluakulu likhale palokha, la ana palokha. Makolo ndi akazi a anthu omwa nawonso amafuna pokhuthulira nkhawa zawo.

Chachisanu, mwana wosiya chamba apatsidwe chochita. Maola a pakati pa kuweruka ndi kulowa kwa dzuwa ndiwo oopsa. Mpira, kwaya, zisudzo, dimba la sukulu, zonsezi si zongotayitsa nthawi. Ukachotsa chinthu m'dzanja la munthu, uikemo china.

Kwa akuluakulu a ku unduna wa maphunziro ndi wa zaumoyo, pempho langa ndi lakuti pakhale ndondomeko yolembedwa, yofanana ndi ija ya atsikana, yonena momwe mwana wotere angatumizidwire ku thandizo ndi kubwerera m'kalasi. Aphunzitsi a uphungu aphunzitsidwe mokwanira ndipo achepetseredwe mapiriyodi, pakuti munthu wa makalasi odzaza tsiku lonse sangapeze mpata womvetsera mwana. Phunziro la Life Skills limauza ana kuopsa kwa mankhwala ozunguza bongo, koma liyeneranso kuwauza kumene angapite ngati agwamo kale.

Pomaliza ndiyankhule ndi inu ana athu akale. Ena mwa inu muli m'magulu a ophunzira akale ndipo mumasonkha ndalama zopentera makalasi ndi kugula mabuku. Zikomo kwambiri, musaleke. Koma ganiziraninso zolipirira mphunzitsi mmodzi maphunziro a uphungu, kapena kusunga kathumba ka thiransipoti ya mwana wofunika kukaonana ndi dokotala. Ena mwa inu mudadutsa m'moto umenewu ndipo mudatuluka. Mwana wa fomu 3 angamvere inu kuposa mphunzitsi wa tayi amene akumuwerengera zolemba m'buku. Bwerani mudzawauze momwe mudayambira, chimene mudataya, ndi amene adakugwirani dzanja.

Ndipo ngati ukuwerenga izi iwe amene ukulimbanabe ndi botolo kapena ndudu, kaya udachoka pasukulu ndi satifiketi kaya ndi kalata yokuchotsa, dziwa kuti aphunzitsi ako sadakuiwale. Pita ku chipatala cha boma lako ukafunse woona za matenda a ubongo. Sikuti ndiwe wamisala, ndi iwowo amene adaphunzira za vuto lako. Uza munthu mmodzi amene umamukhulupirira kuti akuperekeze. Ukagwa, dzuka upitenso.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tiyeni nkhaniyi tikaikambe pa msonkhano wa aphunzitsi woyamba wa teremu, isadadze kalata ina yoti tisaine.